Matchona ndi Mabuku Awo: Kuunika Kulozerana Mabuku Pakati pa Owerenga ku Birmingham

Tsiku loyamba limene ndinalowa m'gulu la owerenga pa laibulale ina yaing'ono kumpoto kwa mzinda wa Birmingham, mayi ena achikulire achingerezi anandifunsa kumene ndimachokera. Nditatchula Malawi, nkhope yawo inawala. Anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndiyenera kuwerenga buku la mnyamata uja amene anapanga magetsi ndi mphepo. M'miyezi imene ndinakhala kwa azakhali anga ku West Midlands, buku lomwelo, The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, linanditsata paliponse. Anandilozera wogulitsa m'sitolo ya mabuku akale, mphunzitsi wina wopuma pantchito amene ndinakwera naye sitima ya ku Coventry, ngakhalenso mnyamata wa ku Pakistan amene sanaliwerenge koma anaonera filimu yake. Onsewa anali ndi mtima wabwino, ndipo onse ankanena chinthu chimodzi: bukuli ndi lolimbikitsa.

Nkhani ino ikuunika mchitidwe umenewu wolozerana mabuku. Ambiri sauwerengera m'gulu la kuunika zolembedwa chifukwa suchitikira m'kalasi kapena m'magazini a akatswiri. Umachitikira m'basi, pakhomo pa tchalitchi, pa WhatsApp. Koma munthu akauza mnzake kuti awerenge buku lakutilakuti, wasankha kale limodzi pakati pa mazana, ndipo chifukwa chimene amapereka, ngakhale chikhale chachifupi bwanji, chimauza mnzakeyo zoti akayang'ane m'bukumo ndi zoti akalumphe. Mfundo yanga ndi yakuti ku Birmingham mabuku a Amalawi amalozeredwa pa zifukwa zimene zili kunja kwa mabukuwo. Eni dziko amatilozera mabuku athu chifukwa cha mbiri ya moyo wa mlembi. Ife timalozerana mabuku a Chichewa ngati mankhwala omwetsa ana. Pakati pa njira ziwirizi, amene watsala chimanjamanja ndi Mmalawi wamkulu wokhala kunja, yemwe mabuku ambiri a Chichewa akukamba za iye ndendende.

Funso lotere si lachilendo mumzindawu. Pa yunivesite ya Birmingham ndi pamene Richard Hoggart anakhazikitsa Centre for Contemporary Cultural Studies mu 1964, patatha zaka 7 chitulutsireni buku lake la The Uses of Literacy. Hoggart sankangofuna kudziwa ngati anthu wamba ogwira ntchito m'mafakitale amatha kuwerenga. Ankafuna kudziwa zimene amachita nako kuwerengako. Pa yunivesite yomweyo, Karin Barber, katswiri wa zolembedwa za Chiyoruba, anatulutsa mu 2007 buku la The Anthropology of Texts, Persons and Publics, limene limaonetsa kuti nkhani iliyonse, yapakamwa kapena yolembedwa, imaitana omvera ake ndi kuwaumba kukhala gulu. Ndikubwereka ganizo limeneli ndi kulikankhira patsogolo pang'ono. Amene amaumba gulu la owerenga si mlembi yekha. Wolozera naye amaumba, ndipo nthawi zina amaitanira ku buku anthu amene abwera kudzamva nkhani yosiyana ndi imene yalembedwa.

Tiyambe ndi buku la Kamkwamba, limene linatuluka mu 2009. Aliyense wolilozera amafotokoza tsatanetsatane wake mofanana: mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu asiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi, apeza buku lotchedwa Using Energy m'kalaibulale ka pa pulayimale, aona chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo pachikuto, kenako apanga ake ndi zidutswa za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugama. Zonsezi zilimodi. Koma amene waliwerenga kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto akudziwa kuti makinawo amachedwa kufika. Mtima wa bukuli ndi njala ya 2001 ndi 2002. Mitu imene ikufotokoza njalayi ndi imene ili ndi kalembedwe kamphamvu, ndipo mphamvu yake ikuchokera pa kusathamanga. Tikuona banja likuchepetsa chakudya kufika podya kamodzi patsiku. Tikuona anthu akukanganirana gaga, chakudya chimene nthawi ya mtendere chimapita kwa nkhumba ndi nkhuku. Tikuona mzere wa pa ADMARC ukusanduka nkhondo, ndi amuna ofuna ganyu akuyenda khomo ndi khomo osapeza wowalemba. Pali malo amene mfotokozankhani akukasiya galu wake, Khamba, atamumangirira kumtengo m'tchire chifukwa kulibe chomupatsa. Palibe chilimbikitso chilichonse pamenepo. Mnyamata wachita chinthu chimene sadzachiiwala, ndipo bukulo silikumupepesera.

Chinanso chimene olozera amachilumpha ndi ndale. Bukuli likunena poyera za chimanga cha m'nkhokwe za boma chimene chinagulitsidwa njala isanafike, za atsogoleri amene ankakana kuti kuli njala, ndi za mfumu imene inamenyedwa italankhula za njalayo pamsonkhano wa pulezidenti. Choncho njala ya m'bukuli si tsoka logwa kumwamba ngati matalala. Ili ndi oiyambitsa. Munthu amene wauzidwa kuti akawerenge nkhani yolimbikitsa amadutsa pamenepa mothamanga, ngati wodutsa pamatope pofuna kukafika pouma. Kwa iye njala yangokhala mdima wothandiza kuti babu la magetsi liwale bwino pamapeto.

Sindikuwanena anthu a m'gulu lija. Nditakhala nawo kanthawi ndinamvetsa chifukwa chake bukuli limawafika pamtima. Laibulale yaikulu ya mumzindawu, Library of Birmingham, inatsegulidwa pa 3 September 2013 ndi Malala Yousafzai, mtsikana amene anawomberedwa chifukwa chomenyera maphunziro a atsikana. Pasanathe zaka ziwiri, maola ake otsegulira anadulidwa kuchoka pa 73 kufika pa 40 pa sabata. Mu September 2023 khonsolo ya mzinda inalengeza kuti ndalama zake sizikukwanira ntchito zake, ndipo malaibulale a m'madera anali m'gulu la zinthu zoyamba kuganiziridwa podula ndalama. Anthu amene amakumana pa laibulale yotere amakhala ndi nkhawa yakuti tsiku lina adzapeza chitseko chokhoma. Kamkwamba kwa iwo ndi mboni. Nkhani yake ikutsimikiza kuti shelefu imodzi ya mabuku ikhoza kusintha moyo wa munthu, ndipo akamandilozera bukulo amakhala akuteteza laibulale yawo ya ku Birmingham kuposa kunena za Kasungu. Chifukwa chimenechi n'chomveka. Vuto ndi lakuti Malawi amene amatuluka m'kulozera kotere ndi dziko limene ntchito yake ndi kupulumutsidwa ndi buku la Chingerezi.

Malawi ameneyu sanayambe ndi Kamkwamba. Mu 1965 Legson Kayira anatulutsa I Will Try, mbiri ya ulendo wake wapansi kuchoka kumpoto kwa Nyasaland kukafika ku Khartoum pofunafuna maphunziro ku America. Ananyamula Baibulo ndi The Pilgrim's Progress, ndipo dzina la koleji imene inamulandira, Skagit Valley College, analipeza m'buku m'laibulale ku Kampala. Taonani kufanana kwake: mnyamata wakumudzi, umphawi, laibulale, buku la Chingerezi, America. Pakati pa mabuku awiriwa pali zaka 44, koma chikombole ndi chimodzi, ndipo ndi chikombole chimenechi chimene owerenga akunja amachizindikira msanga ndi kupatsirana. Chodabwitsa n'chakuti Kayira yemweyo, amene anadzakhazikika ku England mpaka imfa yake mu 2012, analembanso mabuku a nkhani zopeka amene akutsutsana ndi chikombolecho. Mu Jingala, la 1969, sukulu ya mishoni si mpulumutsi. Kwa mpangankhani wamkulu, bambo wokalamba amene kale ankatolera msonkho, sukulu ndi imene ikumulanda mwana wake yekhayo, amene tsopano akufuna unsembe. Bukuli lili ndi nthabwala, lili ndi nkhanza, ndipo silikuweruza mophweka pakati pa bambo ndi mwana. Pa onse amene ndinacheza nawo, amene anatchula Kayira anatchula ulendo wapansi uja. Jingala sanatchulidwe.

Jack Mapanje naye amalozeredwa kudzera pachipata cha ndende. Wolozera amayamba ndi Mikuyu, ndi zaka za 1987 mpaka 1991, kenako n'kutchula Of Chameleons and Gods ngati umboni wa mlanduwo. Ndakatulo zimene zinatuluka mu 1981, mlembi asanamangidwe, zimawerengedwa ngati kuti zinalembedwa kuti zidzamumangitse.

Tsono tibwere kwathu, chifukwa mlandu waukulu uli kuno. Amalawi a ku Birmingham, Wolverhampton ndi Coventry amakumana ku mapemphero, pa zikondwerero za 6 July, pamaliro ndi pa zinkhoswe, ndipo pakati pawo pali owerenga enieni. Ndikawafunsa za mabuku a Chichewa, mayina ankatuluka mosavuta, nthawi zina ndi chimwemwe chachikulu: Nthondo la Samuel Josia Nthara, Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba, Kokha Mcheperawakalulu la Ezra Chadza. Munthu akamva mndandanda umenewu akhoza kuganiza kuti zinthu zili bwino. Koma mndandandawu ndi wa kusukulu. Pafupifupi aliyense anakumana ndi mabukuwa ali mwana wasukulu, ambiri mwa iwo pokonzekera mayeso, ndipo chimene amakumbukira kwenikweni ndi mphunzitsi amene ankawawerengera, desiki imene ankakhalapo, ndi mnzawo amene anabwereka buku osabweza. Ndikafunsa kuti anawerenga liti komaliza, ambiri ankaseka.

Chifukwa chimene amapereka polozerana mabukuwa chimakhalanso chimodzi: ana. Ana obadwira kuno sakudziwa Chichewa. Ana sakudziwa kugwada, sadziwa kupereka moni kwa akulu. Choncho wopita kumudzi amatumidwa Kukula ndi Mwambo monga momwe amatumidwira mankhwala a chifuwa. Sindikana kuti nkhawa ya makolowa ndi yoona. Mwana amene sangathe kulankhula ndi agogo ake pa foni wataya chinthu chachikulu. Koma zotsatira zake pa mabukuwo n'zoopsa. Buku likangotchedwa la ana ndi la mwambo, munthu wamkulu saonanso chifukwa choliwerengera yekha. Mwana naye, amene Chichewa chake ndi cha moni ndi mayina a ndiwo, amapatsidwa chiyankhulo chakuya cha zaka za m'ma 1930 kapena 1960, chodzaza miyambi ndi zining'a, n'kulephera tsamba loyamba. Bukulo limathera pashelefu, pambali pa chithunzi cha ukwati. Mayi yemweyo amene wasunga Gwengwe kudikira ana amakhala akuwerenga Chimamanda Ngozi Adichie m'basi popita kuntchito, ndipo akamalozera mnzake Americanah amapereka zifukwa za munthu wowerenga: mpangankhani uyu anandikwiyitsa, malo awa ndinaseka, mapeto sanandikhutiritse. Sindinamvepo wina akukamba za buku la Chichewa motero.

Pali chopinga china chimene sichichokera m'maganizo. Kulozera kumayenda bwino ngati wolozerayo angathe kunena kumene bukulo likupezeka, kapena kulitulutsa m'chikwama n'kulipereka. Buku la Kamkwamba ulipeza pa intaneti, m'masitolo, m'malaibulale, ndipo kuyambira 2019 pali filimu ya Chiwetel Ejiofor pa Netflix yolikumbutsa anthu. Mabuku a Chichewa amabwera m'sutikesi. Amalimbirana makilogalamu ndi ufa woyera, usipa, mpunga wa Kilombero ndi mabotolo a Nali, ndipo sikelo ya pabwalo la ndege ikakana, aliyense akudziwa chimene chimatsala. Amene ali nalo buku lotere sabwereketsa mwachisawawa, poti likasowa kulipezanso n'kudikira wina apite kumudzi. Motero mayina a mabukuwa amayenda pakamwa popanda mabuku enieniwo, ndipo dzina likayenda lokha kwa zaka zambiri limasanduka chikumbutso, ngati dzina la sitolo imene inatsekedwa kalekale.

Chimene chikutayika pamenepa tingachione bwino pa Nthondo. Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, analemba bukuli pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo linasindikizidwa mu 1933. Likutsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira: ubwana wake, kupulupudza ndi kuba, kuchoka kwawo kukasaka ntchito kutali, kubwerera, ufumu, ndi kutembenuka mtima. Mapeto achikhristuwo anali oyembekezeka kwa mlembi wa pamishoni, ndipo kusukulu timaphunzitsidwa kuwatenga ngati phunziro la buku lonse. Ine ndikuona kuti moyo wa bukuli uli pakati, pamene Nthondo ali woipa, wanjala ndi wosokera. M'menemo Nthara akulemba ngati munthu amene akuwadziwa anyamata otere, osati ngati mlaliki. Bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young mu 1934, ndi mawu otsogolera a Julian Huxley, ndipo mutu wake unasintha kukhala Man of Africa. Kusinthaku n'kofunika kukuyang'anitsitsa. M'Chichewa mutu ndi dzina la munthu. M'Chingerezi munthuyo wasanduka chitsanzo cha kontinenti yonse, choti Mngerezi aphunzirepo za Mwafirika. Kumeneku kunali kulozera, ndipo chifukwa chake chinali kunja kwa buku, chimodzimodzi ndi cha mayi aja a ku laibulale. Ife tikamapereka Nthondo kwa ana kuti aphunzire chikhalidwe cha Achewa, tikubwereza zomwezo m'chiyankhulo chathu: tikusandutsa munthu kukhala chitsanzo.

Komatu nkhani ya munthu wochoka kwawo kukasaka ntchito ndi msana wa zolembedwa zambiri za Chichewa. Sizikanatheka kukhala mwina, m'dziko limene kwa zaka zambiri amuna ake ankapita ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya Wenela, ena n'kubwerera ndi njinga ndi galamafoni, ena osabwerera konse mpaka kupatsidwa dzina la matchona. Sikusinja ndi Gwenembe, limene Gwengwe analiumba kuchokera ku nthano yodziwika, lili pa nkhani yomweyi. Abale awiri apita kuntchito. Wina asunga, wina amwaza. Pobwerera, womwazayo apha mbale wake panjira kuti atenge katundu, ndipo mbalame iulula chinsinsicho. Kwa mwana wa ku Smethwick imeneyi ndi nthano ya mbalame yoimba. Kwa mayi ake, amene amagwira ntchito usiku m'nyumba yosamaliramo okalamba, kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, kumanga nyumba ku Area 25 imene sanaionepo ndi maso, ndi kumva mphekesera za zimene abale akuchita ndi ndalamazo, nkhaniyi ndi ya dzulo lomweli. Muli nsanje ya pachibale, muli manyazi a wobwerera wopanda kanthu, muli funso lakuti katundu wa wapaulendo ndi wa yani. Owerenga oyenera a mabukuwa alipo ku West Midlands, ndipo ndi omwewo amene akuwasungira ana.

Wina akhoza kutsutsa kuti ndikufuna zambiri kwa anthu otopa, ndipo kuti chifukwa chilichonse chimene chafikitsa buku m'manja mwa munthu n'chabwino, poti akalitsegula bukulo lidzadzilankhulira lokha. Mbali ina ndikuvomereza. Mayi aja a ku laibulale, nditawafunsa za Khamba, anakhala chete kanthawi n'kuvomera kuti malo amenewo ndi amene anawaliza, ngakhale sawatchula akamalozera anzawo. Ndiye kuti bukulo linawafikadi. Koma izi zimatheka ngati bukulo latsegulidwa. Kulozera kwa Angerezi, ngakhale kuli kopotoka, kumathera pa kuwerenga. Kwathuku kumathera pa kusunga.

Ntchito ina ndi ya ife ophunzira ziyankhulo za mu Africa, ndipo chitsanzo chake chinachokera ku Birmingham komweko. Mu 2012 Barber anatulutsa Print Culture and the First Yoruba Novel, m'mene anasindikizanso nkhani ya Segilola ya I. B. Thomas, imene inkatuluka m'nyuzipepala ya Akede Eko ku Lagos mu 1929 ndi 1930. Anaika Chiyoruba ndi Chingerezi pamodzi, ndi kufotokoza dziko limene nkhaniyo inabadwiramo, kuphatikizapo makalata a owerenga ake oyamba. Buku lotere limapatsa wolozera chinthu chogwirika, ndiponso zifukwa zatsopano zolozera. Nthondo, amene ndi wamng'ono kwa Segilola ndi zaka zochepa chabe, akufunika ntchito yofanana: Chichewa cha Nthara mbali ina, kumasulira kwatsopano mbali inayo, dzina lake litabwezeretsedwa pachikuto. Mayi akhoza kuwerenga kumanzere, mwana kumanja, ndipo akhoza kukangana za munthuyo m'malo moti wina aphunzitse mnzake mwambo.

Ndisanabwerere, ndinayesa kulozera mwa njira ina. Ndinali ndi Sikusinja ndi Gwenembe m'chikwama, lachikuto chong'ambika, limene ndinabwera nalo chifukwa cha kafukufuku. Ndinawapatsa azakhali, osatchula ana kapena mwambo. Ndinangowauza kuti muli munthu amene akufanana ndi wachibale wathu wina amene onse tikumudziwa. Analitenga popita kuntchito ya usiku. M'mawa mwake, akuvula nsapato pakhomo, anati: "Iwe mwana, ku sukulu ankatiuza kuti Gwenembe ndi woipa basi. Koma ukuganiza kuti akanalowa bwanji m'mudzi wopanda kanthu, mng'ono kapena mkulu wake atasenza katundu? Kuno alipo angati amene sakupita kwawo chifukwa chomwecho?" Sanamukhululukire Gwenembe, koma anamuwerenga ngati munthu, ndipo anafika pa mfundo imene sindinaionepo m'mayankho a mayeso. Sabata yotsatira bukulo analipereka kwa mnzawo wa ku Wolverhampton amene sanapite kumudzi kwa zaka zambiri. Pamene ndinkakwera ndege linali lisanabwerere.